Boti langa likhala kumtunda miyezi 6: nditsitse mlongoti kapena ayi?

Kamphepo
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munasungapo yacht (boti loyenda ndi matanga) kumtunda nthawi yaitali. Boti langa ndi la fibreglass, la mamita 10, lolemera matani pafupifupi 5, ndipo keel yake, chipsepse cholemera cha kunsi kwa boti, ndi ija yaifupi koma yozama. Sabata yatha kireni inalivuula, ndipo likhala kumtunda miyezi 6 chifukwa ndikupita kutali kukagwira ntchito. Aka n'koyamba kulisiya motere.

Pali zinthu ziwiri zimene zikundisowetsa mtendere. Eni malo akuti nditsitse mlongoti. Ine ndikuona ngati n'kudzivutitsa chabe. Boti lomweli lakhala likulimbana ndi mphepo ndi mafunde mlongoti uli chilili, ndiye pouma chingaligwetse n'chiyani? Chachiwiri, dzulo ndinagwedeza umodzi mwa mizati yachitsulo imene alichirikiza nayo ndipo ndinapeza ukugwedera. Nditafuna kuulimbitsa, mnyamata wogwira ntchito pamalopo anandiletsa, mwaukali ndithu. Boti ndi langa. Ndinalakwa chiyani?

Nangula_Wakale
Mnyamatayo anakuchitirani zabwino. Mzati musaukhudze.

Kamphepo
Ndamva akulu, koma chifukwa chake ndi chiyani? Unali ukugwedera ndithu, sindikuonjeza.

MmisiriWaMaboti
A Kamphepo, tiyambe tamvana pa chinthu chimodzi. Mizatiyo ntchito yake si kunyamula boti. Matani 5 anuwo ayenera kutsamira pa keel, ndipo keel ikhale pa zipika zolimba za matabwa. Mizati imangoletsa boti kupendekera uku kapena uko. Zili ngati njinga yoima chilili: chala chimodzi chimakwana kuigwira, koma ikangoyamba kupendama mumafunika manja onse awiri. Tsono boti likayamba kupendama palibe manja amene angalibweze.

Mukalimbitsa mzati umodzi mopitirira, mukuchita zinthu ziwiri zoipa nthawi imodzi. Mukukankhira boti kumbali inayo, komanso mukuchotsa kulemera pa keel n'kukusenzetsa kachigawo kakang'ono ka thupi la boti, kongofanana ndi chikhatho. Fibreglass si yokhuthala paliponse. Ndinaonapo boti litapindikira mkati pamene panagunda mutu wa mzati, chitseko cha kabati chosatsekekanso chifukwa thupi lonse linali litapotoka pang'ono. Mwini wake ankangoonjezera kupotokola mlungu uliwonse poganiza kuti akuthandiza.

Mutu wa mzati uyenera kugunda pamene mkati mwa boti muli khoma lopingasa. Gogodani ndi chala: pamene pakulira ngati ng'oma ndi popanda kanthu kumbuyo, pamene pakumveka phi ndi pomwe pali khoma. Ogwira ntchito pamalopo amaona boti lonse n'kulimbitsa mizati iwiriiwiri, uku ndi uku mofanana. Inu chochita chanu n'kuwaitana, kuwalozera mzatiwo, n'kuima pomwepo mpaka aukonze inu mukuona.

MayiWaMatanga
Ndionjezerepo pa zimene anena a Mmisiri. Mzati sugwedera popanda chifukwa. Yang'anani pansi pake. Ngati boti lili pa dothi kapena pa timiyala, mapazi a mzati amatitimira, makamaka mvula ikagwa. Pansi pa mzati uliwonse pafunika thabwa lokhuthala la plywood. Ngakhale pa phula, kukatentha kwambiri phula limafewa ndipo chitsulo chimalowa. Chinanso, mizati yoyang'anana ayimangirire ndi tcheni chodutsa kunsi kwa boti, chokungika bwino. Thupi la boti ndi lozungulira, ndiye limakankhira mzati kunja. Popanda tcheni mzati umangotsetsereka pang'onopang'ono mpaka tsiku lina mudzaupeza uli gone.

Tcheni, osati chingwe. Chingwe chimatamuka.

Kamphepo
Zikomo mayi. Tcheni ndinachiona pa mizati ya kutsogolo yokha. Ya kumbuyo ilibe, ndipo womwe ukugwederawo ndi wa kumbuyo. Matabwa pansi palibe.

Nangula_Wakale
Basitu, yankho lake ndi limenelo.

Mafunde42
Za mizati ndilibe nazo mawu. Koma za mlongoti, ine ndili mbali ya a Kamphepo. Langa lakhala kumtunda kasanu ndi kawiri, mlongoti sindinautsitsepo, ndipo palibe chinachitika. Kutsitsa mlongoti nakonso kuli ndi ngozi zake. Ndinaona mlongoti wa mnzanga ukupulumuka pa kireni n'kuswa zitsulo za m'mbali mwa boti. Mawaya amagetsi opita pamwamba amaduka, tizipangizo ta pansonga timathyoka, timapini timasowa. Tisamaopseze anthu.

MmisiriWaMaboti
Achimwene Mafunde42, sindikukana kuti maboti ambiri amakhala kumtunda ndi milongoti yawo osagwa. Koma funso la a Kamphepo linali lakuti boti lopirira mphepo panyanja lingagwe bwanji pouma, ndipo yankho lake ndi lofunika kulimvetsa.

M'madzi, mphepo ikawomba boti limapendama, mphepo ija n'kudutsa, kenako kulemera kwa keel kumalidzutsa. Madzi aligwira thupi lonse mofanana. Kumtunda boti silingapendame n'kubwerera. Mphamvu yonse imene mphepo yaika pa mlongoti imatsikira pa timitu ta mizati tija. Ndipo mlongoti wa boti la mamita 10 umakwera mamita oposa 12 pamwamba pa boti lomwe lakwezedwa kale m'mwamba. Aliyense amene anazulapo mwala ndi mgwala akudziwa chimene chitsulo chachitali chimachita.

Komanso mphamvu ya mphepo siikula mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Mphepo ya ma knot 40 (knot ndi muyeso wa liwiro panyanja) imakankha kanayi kuposa ya 20, ndipo ya 60 imakankha kasanu n'kanayi. Zaka zanu 7 zikungosonyeza kuti mphepo yoteroyo siinakupezeni.

Mafunde42
Kapena zikusonyeza kuti boti langa limachirikizidwa bwino. Ine langa limakhala mu cradle, chimango chachitsulo chowotcherera pamodzi, osati pa mizati yoimaima payokha.

MmisiriWaMaboti
Apo ndiye mwanena chinthu chimene simunanene poyamba. Cradle ndi nkhani ina. Pansi pake n'potambalala, miyendo yake siingatayane. A Kamphepo lawo lili pa mizati, pa nthaka yofewa, ndipo achokapo miyezi 6.

Chiwongolero_9
Pali china chimene simunatchule nonse awiri, kunjenjemera. Usiku wa mphepo kaimeni pafupi ndi boti la mlongoti wake, ikani dzanja pa thupi lake. Mudzamva likunthunthumira. Zingwe zokwezera matanga zikumenya mlongoti, mawaya akulira, ndipo zonsezo zikutsikira pansi. N'zimene zimamasula mizati pang'onopang'ono ndi kusuntha timatabwa tokhomera. Sikuti pamafunika namondwe. Mphepo wamba ya milungu ingapo imakwana, ngati palibe wodzayendera.

Ngati mlongoti ukhala, ndiye matanga onse atsike, makamaka lakutsogolo lija lokulungidwa pa waya. Likangomasuka pang'ono pamwamba, mphepo imalifunyulula ndipo boti limayamba kuyenda ndi thanga lili pa mizati. Likagwa siligwa lokha, limagwetsa la mnzanu, la mnzanulo n'kugwetsa linzake.

MayiWaMatanga
Zimenezo zinaoneka ku Grenada mu Seputembala 2004 pamene namondwe Ivan anaomba chilumbacho. Anthu ambiri ankasunga maboti kumeneko poganiza kuti kuli kummwera kokwanira moti anamondwe safikako kawirikawiri. Maboti ochuluka amene anali kumtunda anagwerana mizeremizere. Kuchokera pamenepo kumangirira boti pansi ndi malamba, ku zitsulo zozikika m'nthaka kapena ku zikonkire zolemera, kunayamba kutengedwa mozama. Ku Vuda Point ku Fiji amachita kukumba maenje, keel n'kulowa m'dzenjemo, thupi la boti n'kukhala pa matayala pafupi ndi nthaka. Boti loti lili kale pansi lilibe kogwera.

Mafunde42
Mayi, amenewo ndi madera a anamondwe. Si aliyense akukhala ku Fiji.

MayiWaMatanga
Zoona. Sindikuti a Kamphepo akumbe dzenje. Ndikuti malamba anayi omangirira pansi ndi chinthu choti angafunse ngati pamalopo chilipo.

Thabwa_ndi_Phula
Inu a fibreglass muli ndi mwayi, mumangoopa kugwa. Ife a maboti a matabwa kumtunda kwenikweniko ndiye mdani. Matabwa akauma amafota, mipata imatseguka, zomatira zija zimayamba kugwa. Chaka china ndinalisiya pa simenti padzuwa miyezi inayi. Nditalowa mkati masana ndinkaona kuwala kukudutsa pakati pa matabwa, mizere yoonda ngati ulusi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Polibwezera m'madzi linakhala pa malamba a kireni usiku wonse, pampu ikugwira ntchito, kudikira kuti matabwa afufume. Panopa ndimalisunga pa dothi, pamthunzi, ndipo m'mbali ndimatchinga kuti mphepo youma isamaombe thupi lake.

Kadziwe
A Thabwa, ena amati muzithira madzi mkati kuti matabwa asaume. N'zoona?

Thabwa_ndi_Phula
Ayi, musayerekeze kudzaza madzi m'boti lili kumtunda. Boti analipanga kuti madzi azilikankha kuchokera kunja, osati kuchokera mkati. Kulemera kwake kungakankhire matabwa kunja. Ndiponso madzi a mvula ongokhala ndiwo amaoletsa matabwa. Kunyowetsa nthaka ya pansi pake, kapena kupachika masaka onyowa m'mbali, ndi zina.

Chiwongolero_9
Pamene kwa ife kuuma n'kwabwino. Fibreglass imamwa madzi pang'onopang'ono n'kutuluka matuza amene amatchedwa osmosis. Miyezi 6 kumtunda ndi mpumulo wabwino kwa thupi la boti.

Kamphepo
Ndikuphunzira zambiri, koma tibwerere kwa ine pang'ono. Tinene kuti ndatsitsa mlongoti. Ndinagula lona wamkulu woti ndifunditse boti lonse. Ndimaganiza zomangirira zingwe zake ku mizati popeza ndi pomwe pali pogwira.

Nangula_Wakale
Ayi! Chonde ayi.

MmisiriWaMaboti
A Kamphepo, mwachita bwino kunena musanachite. Pa zonse zimene zalembedwa pano, ichi ndiye musachiiwale. Lona ndi thanga. Mphepo ikalowa kunsi kwake amakoka ndi mphamvu yoopsa, ndipo ngati chingwe chake chili ku mzati, akukoka chinthu chomwe chagwira boti lanu. Amakoka, kusiya, kukoka, kusiya, usiku wonse, mpaka mzati utachoka. Zingwe za lona zidutse kunsi kwa boti n'kukamangidwa ku mbali inayo ya lona yemweyo, kapena mupachikeko zigubu za mchenga. Ku mzati kusapite kanthu kalikonse kupatula tcheni chake.

Lonayo akhalenso ndi msana ngati denga. Ena amagoneka mlongoti womwewo pamwamba pa boti kuti ukhale mtanda wa denga, bola auchirikize malo atatu kapena anayi kuti usapindike. Lona wongoyala amasunga madzi m'mathumba, ndipo thumba limodzi limatha kupinda zitsulo za m'mbali. Kutsogolo ndi kumbuyo musiye mipata yoti mpweya uzidutsa.

MayiWaMatanga
Nkhani ya madzi ndiye imene inandipweteka ine, ndipo ndiinene yonse chifukwa anthu amaopa mphepo n'kuiwala mvula.

Boti langa loyamba ndinalisiya pafupi ndi mitengo. Cockpit, malo olowa pansi opanda denga amene wowongolera boti amakhala, ili ndi timabowo tiwiri totulutsa madzi. Masamba anagwa, anaola, anatseka timabowo tonse tiwiri. Ine ndinakhala miyezi itatu osapitako, mtima uli m'malo kuti boti lili pouma. Madzi anadzaza cockpit, anasefukira pa khomo lolowera mkati, n'kutsikira pansi. Tsiku limene ndinatsegula, fungo ndi limene linayamba kundilandira. Matabwa a pansi anali akuyandama. Madzi anali atafika theka la injini, pamwamba pake pali utawaleza wa oyilo. Makushoni onse anali akuda ndi chuku, mabuku a mapu atasanduka phala. Boti limene silinalowepo madzi panyanja linamira lili pamtunda.

Tawerengani nokha. Cockpit ya mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi, pakagwa mvula ya mamilimita 50, imalandira malita 150, osawerengera madzi otsetsereka kuchokera pamwamba pa boti. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Mvula zoterezi zikagwa kasanu ndi kawiri mwadutsa tani yathunthu, ndipo tani imeneyo ili pamalo pamene amene anaika mizati sanaiyembekezere.

Ndiye uzani a kireni akhazike boti mopendekera pang'ono kumene madzi a m'cockpit amatulukira. Thirani ndowa ya madzi muone ngati akutuluka onse. Mavavu a mapaipi a cockpit akhale otsegula. Pa timabowo ikani kasefa kotukuka kuti masamba asamate. Ngati boti lanu lili ndi kabawuti kotulutsira madzi pansi penipeni, kachotseni, ndipo mukamangirire ku chiwongolero kapena ku kiyi wa injini kuti musadzalibwezere m'madzi bowo lili pululu.

Kadziwe
Pepani mayi, zinali zowawa. Nanga pampu yotulutsa madzi yodziyatsa yokha ija siikanathandiza?

MayiWaMatanga
Inalipo. Inagwira ntchito mpaka batire linatha.

Magetsi_12V
Pamenepo ndi pomwe anthu amasemphana. Ena amasiya batire lolumikiza chifukwa cha pampu, ena amachotsa zonse poopa moto. Ine ndimachotsa, n'kuonetsetsa kuti madzi ali ndi njira yotulukira okha. Batire la asidi limatha lokha ngakhale lisakugwira ntchito, ndipo kukatentha limatha msanga. Lodzaza limaonetsa mavoti 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Likafika cha pa 12.2 ndiye kuti latsala theka, ndipo likakhalitsa lili lotsika silidzabwereranso mwakale. A Kamphepo, miyezi 6 ndi yambiri. Litchajeni lidzaze, chotsani mawaya, ndipo ngati n'kotheka pitani nalo kumene wina angamalitchaje. Kusiya boti litalumikizidwa ku magetsi a pamalopo popanda woliona ine sindimakufuna, makamaka ngati mkati muli chotenthetsera.

Silinda ya gasi nayonso ichoke. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka sauluka, amatsikira pansi pa boti n'kukhala pomwepo kudikira kamoto.

Mafunde42
Poti tafika ku injini, thanki ya dizilo mumaisiya yodzaza kapena yopanda kanthu? Ine ndimadzaza. Mukasiya mpata, chinyezi chimasanduka madzi m'makoma a thanki, madziwo amatsikira pansi, ndipo m'menemo ndi momwe mumamera zonyansa zija zotseka sefa.

Magetsi_12V
Ine ndinasiya kudzaza. Dizilo wa masiku ano m'madera ambiri amasakaniza ndi wochokera ku zomera, ndipo sakhalitsa ngati wakale. Madzi ambiri amene ndinawapezapo m'thanki analowera pa chivindikiro chothirira, kamphira kake katatha.

Mafunde42
Kamphira n'koona, ndikasinthe. Koma ndidzazabe.

Chiwongolero_9
Pa dizilo simugwirizana lero. Pa oyilo ndikhulupirira tonse tili pamodzi: asinthidwe boti lisanagone, osati podzuka, chifukwa oyilo wakale amakhala ndi asidi amene amadya zitsulo mwakachetechete. Njira ya madzi oziziritsa injini itsukidwe ndi madzi abwino ngati mumayenda m'madzi a mchere, ndipo impeller ya mphira, kagudumu ka mapiko ka mu pampu ya madziwo, ichotsedwe, apo ayi mapiko ake amauma ali opindika. Kumene kumazizira mpaka madzi kuundana, madzi onse achoke m'mapaipi kapena mulowe antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, poti madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse ndipo amang'amba ngakhale chitsulo. Koma chonde, musalize injini boti lili pa mizati musanauze eni malo. Kunjenjemera kuja.

Nangula_Wakale
Makwerero amangidwe pamwamba. Pamwamba pa boti lili kumtunda ndi patali mamita atatu kapena kuposa, ndipo pansi si madzi. Pochoka muwachotse, kuti ana ndi akuba asapeze pokwerera.

Kadziwe
Makoswe nawo amakwera pa makwerero ndi pa zingwe zolendewera. Musasiye chakudya chilichonse mkati. Makabati onse atsegulidwe, makushoni aimikidwe kapena apite kunyumba.

Kamphepo
Funso lomaliza. Inshuwalansi yanga ikugwirabe ntchito boti lili kumtunda?

MayiWaMatanga
Musaganizire, werengani pepala lanu ndipo muwalembere. Ena amafuna kudziwa kumene boti lili ndi mmene lachirikizidwira, ena amaika lamulo la mlongoti kapena la cradle. Eni malo atakuuzani kuti mutsitse inu n'kukana, boti lanu n'kugwera la wina, mudzavutika kudziteteza. Jambulani zithunzi za mzati uliwonse, tcheni chilichonse ndi zipika za pansi pa keel tsiku lochoka.

MmisiriWaMaboti
Ndipo pezani munthu. Zonse tanenazi zimagwira ntchito tsiku limene mwazichita, koma nthaka imasuntha, matabwa amafota, masamba amagwa. Pafunika wina wodzazungulira boti kamodzi pa milungu iwiri, ndiponso m'mawa uliwonse wotsatira mvula yamphamvu kapena mphepo. Agwedeze mzati uliwonse ndi dzanja, asuzumire mu cockpit, atsegule aone pansi. Akapeza chogwedera aitane eni malo, asakonze yekha.

Mafunde42
Apa ndiye sinditsutsa. Ine ndimapitako Loweruka lililonse, mwina n'chifukwa chake mlongoti wanga sunandivutitsepo. A Kamphepo, poti inu mukuchoka, tsitsani. Mupezerepo mwayi woona mawaya ndi timapini ta pansonga muli pansi. Chilichonse chimene mwamasula chilembeni dzina ndi tepi.

Kamphepo
Ndabwerako tsopano. Ndinapita m'mawa n'kupempha mkulu wa pamalopo kuti tizungulire limodzi. Mzati uja phazi lake limodzi linali litalowa m'dothi pafupifupi zala zitatu. Anaitana anyamata awiri, anaika mzati wina pambali pake kaye asanausunthe, kenako analowetsa plywood pansi pa yonse, umodziumodzi. Tcheni cha kumbuyo amanga, ndipo awonjezera mzati wina kunsi kwa mphuno ya boti. Mnyamata uja ndamupepesa.

Ndinathira ndowa ya madzi mu cockpit monga munanenera mayi. Madzi anathamangira kutsogolo n'kuima pakhomo, osapita ku timabowo. Ndiye boti laweramira kutsogolo. Akuti Lachinayi kireni ikabwera kudzatsitsa mlongoti alinyamulanso pang'ono kuti akonze zipika za pansi pa keel. Mng'ono wanga wavomera kumadzaliona.

A Mmisiri, mlongoti ndikaugoneka pamwamba pa boti, ma spreader, timikono ta m'mbali mwa mlongoti totambasula mawaya, ndichotse kapena akhale?

MmisiriWaMaboti
Chotsani, angabowole lona. Lembani kuti ili ndi la kumanja, ili la kumanzere, ndipo ku mapeto a mlongoti kutsekeni ndi nsalu kuti mbalame zisamangemo zisa.